Mayi wa diresi lachikasu amene anakwera sitima ziwiri

Abale anga, ndikulumbira, ndipo dzanja ndakweza kumwamba ngakhale simukuliona: zonse ndikuuzeni pano ndi zoona zokhazokha, kuyambira kumutu mpaka kumchira. Ngati muli bodza ngakhale laling'ono ngati njere ya therere, nkhuku zanga zithe ndi chitopa chaka chino chomwe. Ndikudziwa kuti pa Njuli ena mumanditcha a Wonjezani, eti chifukwa nkhani ikadutsa pakamwa panga imanenepa, koma iyi yokha sindinaidyetse kanthu. Inanenepa yokha.

Mwana wathu woyamba, Esinati, amagwira ntchito yosamalira nkhalamba ku Durban. Mayi ake, mkazi wanga uja, kuyambira tili achinyamata nyimbo yawo inali imodzi: asanafe adzaoneko nyanja yamchere. Agogo awo anabwera kuno wapansi kuchokera ku Mozambique, ndipo ankanena kuti kumene anachokerako kuli madzi opanda tsidya. Tsono Esinati anasonkhanitsa tindalama take, mapasipoti anatikonzera, kenako anaimba foni kuti atitenga tikakwere sitima yapamadzi, zija zazikulu zongoyendamo anthu osangalala, yochoka ku Durban kukazungulira zilumba za ku Mozambique n'kubwerera. Amake Esinati atamva anadzuka n'kupita kwa telala kukasoketsa diresi.

Vuto linali limodzi. Sitimazo zinali ziwiri, za makampani awiri osiyana, ndipo Esinati anati ndisankhe ine, paja ndine bambo ndipo ndimadziwa zinthu. Ananditumizira mavidiyo ake pafoni n'kundichenjeza kuti ndisachedwe chifukwa zipinda zimatha. Foniyo anatumiza ndi iye yemwe, ija yosisita ndi chala, ndipo anaikonza kuti akamaimba iye isamalire ngati mafoni ena koma muzimveka kuseka kwa mdzukulu wathu Tadala, kamwana kongoyamba kuyenda. Gwirani mfundo imeneyi, ibweranso.

Ine ndinati kusankha sitima n'chiyani? Munthu amene wasankha minibasi pa Limbe moyo wake wonse angalephere sitima? Lamulo lake ndi lomwelo: usakwere yopanda anthu, sinyamuka. Komanso usathamangire yodzaza, chifukwa muja mumakhala anthu aganyu, aja amangokhalamo kuti ioneke ngati yatsala pang'ono, iwe ukangokhala pansi iwo amatsika mmodzimmodzi, umapezeka watsala ndi nkhuku ya munthu wina basi.

Kwathu kuno netiweki yokwanira vidiyo imagwira malo amodzi okha, pamphambano paja pokhotera ku Mauwa, pafupi ndi nkhalango ya manda. Masiku amenewo kunali chiperoni, chifunga chatsika mpaka m'minda ya nandolo, phiri la Chiradzulu osaoneka, ngati kuti analiba. Ndinavala jekete n'kukakhala pachulu cha pamphambanopo, ndekha, masanasana koma kuli ngati kukufuna kuda.

Ndinayamba ndi sitima yoyera. Abale, chinthucho si sitima, ndi tauni yoyandama. Koma munalibe munthu. Matebulo ataliatali, mbale zayalidwa, zakudya zikufuka nthunzi, mipando yakokedwa ngati anthu angodzukapo kumene, nyale zonse zikuyaka, wodya palibe. Dziwe losambira madzi akugwedezeka, wosamba palibe. Kanjira ka pakati pa zipinda kataliatali, zitseko mbali zonse, zotseka, kanyimbo kakulira pansipansi ngati ka m'galimoto yonyamula maliro. Kodi anaphikira ndani? Ndinamva kuzizira kwina kosiyana ndi kwa chiperoni. Kumapeto kwenikweni m'pamene panaoneka munthu mmodzi yekha, mayi wa diresi lachikasu, chipewa chachikulu kumutu, ataima kumphepete akuyang'ana madzi. Anatembenuka pang'onopang'ono n'kundimwetulira. Anali ndi kadontho kakuda patsaya.

Ndinati iyi ayi, sinyamuka, ndipo ikanyamuka sindikudziwa kumene imakatsitsa.

Yachiwiri inali yabuluu, ndipo mtima unakhala pansi, chifukwa munali anthu, akuvina, akudya, ana akuthamanga. Ndinatsala pang'ono kuimbira Esinati. Koma nzeru za pa Limbe zija zinandinong'oneza kuti yang'anitsitsa kaye, mwina ndi aganyu. Ndinabwereza vidiyoyo, ndikuyang'ana nkhope imodziimodzi. Onse akuseka, palibe wotopa, palibe wosanza, palibe ngakhale mmodzi wokangana ndi mkazi wake. Ulendo wanji umenewo? Ndiye kumapeto, kumphepete kwa sitima, ndikuona diresi lachikasu. Chipewa chomwecho. Anatembenuka pang'onopang'ono, kadontho kali patsaya pomwepo, n'kundimwetulira.

Ndinabwerera ku yoyera: alipo. Ku yabuluu: alipo. Makampani awiri, sitima ziwiri, mayi mmodzi, ndipo mphepo ikukankha chipewa chake mofanana. Inu munaonapo munthu atakwera minibasi ziwiri nthawi imodzi?

Munthu wanzeru akanatsika pachulu n'kupita kwawo. Ine ndinapitiriza. Pansi pa vidiyo panali poti ukadina umalowa m'chipinda chogona, ndipo ukatembenuza foni chipindacho chimatembenukanso ngati waimamo wekha. Ndinalowa cha sitima yoyera. Bedi, windo lozungulira, kalilole wamkulu kukhoma. Ndinatembenukira kukaliloleko, mukuoneka bedi, mukuoneka chitseko, koma wojambula mulibe. Ndinaweramitsa foni kuti ndione mapazi ake, pansi pali kapeti basi ndi kamthunzi kakuda kozungulira, kopanda mwini. Ndinathawira m'chipinda cha sitima yabuluu, ndipo m'menemo pabedi panali patakhala kanyama koyera kopinda ndi thaulo, makutu ngati njovu, timaso tiwiri takuda, kakuyang'ana ine ndendende. Amene munaonapo zimene asing'anga amafukula pakhomo pa munthu mukudziwa chimene ndinaganiza. Nthawi yomweyo m'nkhalango ya manda muja nthambi inathyoka, ine ndinatsika chulu ndi matako.

Kunyumba sindinanene kanthu. Ndikanayamba bwanji, amake Esinati ali kalikiliki kuyesa diresi latsopano, amayi onse a kumpingo awauza kale? Atandifunsa ndinangoti ndikufufuzabe, zinthu izi sizifuna phuma.

M'mawa mwake ndinapita pa Njuli kwa mnzanga a Namakhwa, okonza njinga, amene anafika Fomu 2 ndipo Chingerezi amachiwerenga osatsata ndi chala. Anapukuta girisi m'manja, anaonera zonse, kenako anafufuza sitimazo pafoni yawo kuti atsimikize. Mayi uja anatulukanso mmenemo. A Namakhwa anandikokera kuseri kwa shedi n'kutsitsa mawu.

"Amwene, musakwiye. Mwana wanu ndalama zokweza anthu awiri sitima yotere wazipeza bwanji? Aja amapita pansi pa nyanja kukatenga chuma, akauzidwa kuti apereke munthu, amayamba ndi ndani?"

Ndinawatukwana, ndinawauza kuti Esinati wanga anakulira m'kwaya. Koma pobwerera kunyumba mawuwo anakwera nane njinga. Sitima yopanda anthu, chakudya chayalidwa kale, ikudikira. Ikudikira ndani? Ndiye mukuona chifukwa chake sindinamufunse mwanayo. Ungamufunse bwanji mwana wako kuti kodi ukufuna kutipereka?

Kuyambira tsiku limenelo mayi uja anayamba kunditsatira. Nditsegule foni kuti ndione mmene mpira wathera, ali pamenepo pakati pa zigoli, akumwetulira. Ndione mtengo wa feteleza, ali pamenepo. Ndinasiya kutsegula mavidiyo aja, ndinawafufuta, koma iye osachoka. Lamulungu m'tchalitchi, mlaliki atatchula vesi, ndinatsegula Baibulo la mufoni monyadira kuti anthu aone, ndipo pansi pa mawu a Mulungu penipeni panatulukira chipewa chija, ndi timawu tachingerezi. Ndinasendeza foni kwa a Namakhwa amene tinakhala benchi limodzi. Anawerenga, nkhope inasintha, n'kundinong'oneza kuti akuti chipinda chanu chikukudikirani. Kenako anaulula kuti nayonso foni yawo yagwidwa, mayiyo akuwatulukira chitsegulireni tsiku lija, moti aipereka kwa apongozi awo ngati mphatso.

Ine apongozi anga anamwalira kalekale, ndinalibe womupatsa. Ndinaganiza zochita zimene makolo ankachita ndi chinthu choipa: kukachisiya pamphambano, kuti chisokonezeke njira chisadziwe kobwerera. Ndinafuna kuchotsa batire, koma mafoni a masiku ano ndi otseka ngati dzira. Kuzimitsa ndinaiwala, mantha sakumbutsa munthu. Ndinatapa mchere wa m'khitchini wodzaza manja awiri, poti zoipa zimadana ndi mchere, ndinakwiriramo foniyo, n'kukulunga m'chitenje chakale chofiira chimene timaphimbira nandolo, n'kumanga ndi luzi mfundo zambirimbiri. Kutangocha, chifunga chili tolotolo, ndinanyamuka ngati ndikupita kudimba.

Pamphambano ndinaika phukusilo pakati penipeni. Podzuka ndinaona fisi atakhala pachulu chija, wamkulu ngati mwana wa ng'ombe, miyendo yakutsogolo atapingasa ngati kalaliki, akundiyang'ana ngati akufuna kundifunsa nambala ya chipinda. Sindinamupatse moni. Ndinatembenuka n'kuyenda osacheuka, monga mwa lamulo lake, ngakhale msana wonse unkanyerenyesa.

Ndinalimadi pang'ono kudimba, mtima uli mbee, ndikuti ndapulumutsa banja. Za sitima ndinati ndidzanena kuti foni yatayika, zipinda zidzatha zokha, nkhani idzafera pomwepo. Za diresi la amake Esinati ndinayesetsa kusaziganiza.

Dzuwa litakwera, ngakhale silinkaoneka, ndinamva phokoso kumsewu. Ndinapita ndi khasu paphewa ngati munthu wosadziwa kanthu. Abale, pamphambano panali anthu ngati pamsika. Akabaza aimika njinga mbali zonse, palibe wofuna kudutsa. Amayi opita kusikelo ku Mauwa abwerera m'mbuyo ana ali kumsana. Onse azungulira patali, pakati pali phukusi langa lofiira, lanyowa ndi mame, mchere ukutuluka m'mbali. Wakabaza wina ankalumbira kuti waliona likuyenda lokha. Anthu anamutsutsa, koma asanamalize kutsutsa phukusi linanjenjemera, linasuntha pang'ono pamchenga, ndipo m'kati mwake munamveka kamwana kakuseka.

Anthu onse anabwerera m'mbuyo. Kuseka kwa khanda, m'chifunga, pafupi ndi manda, ndipo mbali imeneyo ya manda ndi kumene timaika ana. Kanaseka, kanasiya, kanayambanso. Ine amene ndinkadziwa kuti ndi Esinati akuimba, tsitsi linandiimabe. Amayi ena anagwada, mkulu wa mpingo wina anayambitsa nyimbo koma mawu anamuthawa pa mzere wachiwiri.

Apa m'pamene ndinachita chopusa chachikulu kuposa zonse. Ndinaona a Namakhwa m'gulumo akundiyang'ana ndi diso lodziwa, ndipo ndinaopa kuti anthu aona kuti ndangokhala chete, ine amene sindikhala chete ngakhale pamaliro. Tsono ndinatsogola. Ndinakweza khasu n'kuyamba kulalikira kuti wochita zimenezi ndi munthu wopanda chisoni, wofuna kutha ana a m'mudzi muno, apezeke lero lomwe, asamuke, nyumba yake tiisasule denga. Anthu anavomera. Ndinamva kukoma, ndinawonjezera kuti ine maso anga ndi akuthwa, ndikhoza kumuloza.

Ndili pakati polankhula, gulu linapatuka. Amake Esinati, dengu la tomato pamutu, akupita kukagulitsa pa Njuli. Anaima, anayang'ana ine, anayang'ana phukusi. Kamwana kanasekanso. Iwo anatula dengu pansi bwinobwino kuti tomato asaphwanyike, n'kunena mosakweza mawu:

"Ameneyo ndi Tadala."

Mayi wina kumbuyo anafunsa ngati Tadala wamwalira, ndipo asanayankhidwe amayi atatu anali atayamba kale kulira maliro. Amake Esinati sanawalabadire. Anayenda kulowa pakati, anthu akukuwa kuti asakhudze, anagwada, anayang'anitsitsa chitenje chawo, n'kuyamba kumasula mfundo zanga imodziimodzi osafulumira. Mchere unakhuthuka. Anatulutsa foni, anaipukuta pachitenje chimene anavala, anasisita, n'kudina paja pokweza mawu, poti makutu awo amavuta pang'ono, n'kuti halo.

"Amayi? Adadi ali kuti? Ndakhala ndikuimba kuyambira m'mawa. Lero ndi tsiku lomaliza, sitima asankha iti?"

"Bambo ako ali pompano," anatero amake Esinati. "Ali otanganidwa, akufuna kusasula denga la nyumba yathu."

Abale, khasu lija ndinalitsitsa pang'onopang'ono ngati mbendera. Anandipatsa foni, anthu onse akumva, ndipo ndinafotokoza mwachibwibwi za mayi wachikasu, za kalilole, za kanyama ka pabedi. Esinati anaseka mpaka kutsamwa. Anati kanyamako amapinda ndi antchito a m'sitima pofuna kusangalatsa alendo, kamera ya m'chipinda imaima yokha pakamtengo ndipo amaifufuta, sitima yoyera anaijambula anthu asanakwere, ndipo foni imakumbukira chimene waonera n'kumakubweretsera chomwecho kuti ugule. Nanga mayi uja? Anati ameneyo ndi munthu wolembedwa ntchito yojambulitsa, makampani amagula zithunzi zake kumalo amodzi, mwina sitima sanaikwerepo n'komwe.

Ndinati ndiye kuti ndi waganyu, ngati aja a m'minibasi pa Limbe. Esinati anati eya, chimodzimodzi. Ndinatembenukira ku gulu kuti anthu amve kuti ine ndinaziona kale kuyambira pachiyambi, koma palibe amene ankamvetsera, akabaza anali atagona pa zishalo ndi kuseka, ndipo amayi olira maliro aja ankafuna kudziwa amene awabwezere misozi yawo.

Esinati anafunsanso kuti tsono iti. Amake analanda foni.

"Yopanda anthuyo, mwanawe. Bambo akowa akasowe wowauza nkhani."

Madzulo ake anandifunsa chifukwa chimene sindinangomufunsa mwana. Ndinawauza zija za a Namakhwa, za pansi pa nyanja. Sanakalipe. Anangoti mwana amene amatawasa nkhalamba za eni ake usana ndi usiku kuti mayi ake aone madzi, ameneyo? Ndiwo za tsiku limenelo zinali zopanda mchere, ndipo za mawa lake, ndi za mkuja, ngakhale ndinagula wina. Esinati mbali imeneyi saidziwa, ndipo wina akakamuuza ndidzakana pamaso panu.

Tinapitadi. Sitima yopanda anthu ija inali yodzaza kuposa minibasi ya Loweruka, ndipo anthu ake ankasanza, ankakangana, mtima wanga unakhala m'malo. Pabedi pathu tinapeza kanyani ka thaulo, amake Esinati anakapasula n'kupukutira mapazi. Tsiku limene gombe la Mozambique linaonekera patali, anavala diresi lawo lija n'kukaima kumphepete, manja atagwira chitsulo. Patapita nthawi anati agogo sananame, tsidya kulibedi. Ine kamodzi m'moyo wanga ndinasowa chowonjezera.

Koma tikutsika ku Durban, ndikukoka chikwama, ndinacheuka kuyang'ana m'mwamba mwa sitima. Anthu onse anali atatsika. Kumphepete kunali munthu mmodzi, diresi lachikasu, chipewa chachikulu, akuyang'ana madzi. Anayamba kutembenuka pang'onopang'ono. Sindinadikire kuti ndione tsaya.

Kuyambira pamenepo ndinalumbira kuti sindidzasankhanso chinthu cha mufoni. Ndizisankha mbuzi basi, imene ndingaigwire nthiti n'kuiyang'ana mano, ndipo ikakhala pawiri ndimadziwa kuti ndi mapasa. Pamphambano paja akabaza pano amapatcha pa Tadala, ukakwera amakufunsa ngati utsikira pa Tadala kapena upitirira, ndipo akandiona amafunsa ngati denga likadalipo.

Zonsezi ndi zoona monga ndinalumbirira. Kupatula fisi uja, ameneyo ndangomuikamo. Anali galu wa a Namakhwa, ndipo sanapingase miyendo. Nkhuku zisamve.